Akuti Nkhondo Yatsala Pang'ono Kutha

Saint-Denis, 10 Seputembala 1961

Okondedwa amake Hervé,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli amphamvu, inu ndi amayi anga ndi kamtsikana kathu Annaig. Ine kuno ku Paris ndili bwino, kupatula kachifuwa kaja. Ndi fumbi la mapepala chabe, musade nkhawa.

Ndalama ndatumiza pa positi Lachisanu. Mumugulire nsapato Annaig sukulu isanatsegulidwe, zotsalazo muitane a Le Gall akonze denga la khola mvula isanalimbe. Nkhumba musagulitse panopa ngakhale akunyengerereni chotani, mtengo umakwera cha ku Khirisimasi. Kuno batala wadula moti ndikumapaka pa buledi ngati mankhwala a chilonda.

Ntchito ndi yomwe ija. Nyuzi zikatuluka m'makina timamanga mitolo n'kumaponya m'malole, ine ndi Slimane, mnzanga wa ku Algeria uja. Sabata ino pamwamba pa mtolo uliwonse panali zilembo zikuluzikulu zoti nkhondo ya ku Algeria yatsala pang'ono kutha. Slimane sadziwa kuwerenga, ndiye anandifunsa kuti, "Lero akuti chiyani, achimwene?" Nditamuuza anaseka. "Imeneyo ndinainyamula kale chaka chatha. Kulemera kwake n'komweku."

Kalata ya Hervé yafika kuchokera kunkhondoko. Akuti kuli dzuwa, chakudya chilipo, moni kwa onse. Basi. Mwana amene ankatha kudzaza pepala lonse ndi nkhani ya njinga yokha. Kwa inu akulemba zotani?

Mayi Ferrand, eni nyumba ino, agula wailesi ya kanema n'kuiika mu bala yawo pansipa. Madzulo mumadzaza anthu. Ukakhala mpikisano wa njinga kapena woimba, aliyense amakhala chete ngati m'tchalitchi. Ikangoyamba nkhani ya ku Algeria, wina amati, "Tatsitsani mayi, anthu tikusewera makadi kuno." Ine ndimasendera pafupi, kuti mwina ndingaone nkhope ya mwana wathu pakati pa asilikaliwo. Amangoonetsa akugawa masiwiti kwa ana, ndi dokotala akupima nkhalamba m'maso.

Kuntchito kuli mkulu wina woyala zilembo, Lucien Mazet, wa m'bungwe la apantchito. Sandipatsa mtendere, ndipo amangonditchula Mbretoni, dzina la mtundu wathu. Dzulo anati, "Iwe Mbretoni, mwana wako ali komweko, iwe kuno ukungosenza bodza ngati bulu. Bwera ku msonkhano." Ndinamuyankha kuti buluyo ali ndi banja loti alidyetse.

Mupereke moni kwa amayi, muwauze asamatunge okha madzi.

Ndine mwamuna wanu,
Goulven


Saint-Denis, 29 Okutobala 1961

Amake Hervé,

Pepani pochedwa kuyankha. Ndakondwa kumva kuti mwendo wa amayi wasiya kutupa ndiponso kuti mbatata mwakumba zonse. Ine ndiliko.

Batala munatumiza uja ndinati ndigawane ndi Slimane, koma Slimane sakubweranso kuntchito.

Mwina munamva pa wailesi kuti anthu a ku Algeria anayenda mumzinda muno kukana lamulo lowaletsa kutuluka madzulo. Tsikulo iye anabwera atavala suti ndi tayi, ngati wopita ku ukwati. Ndinamuseka. Anati, "Ndikapanda kupita, akwathu andilanga. Ndikapita, a kuno andimenya. Ndasankha kumenyedwa nditatchena." Anandionetsa matumba ake, munalibe ngakhale kampeni kodulira chingwe. Anati anauzidwa kupita chimanjamanja, ndi akazi ndi ana omwe.

M'mawa mwake sanabwere. Nyuzi yathu inalemba kuti afa anthu awiri ndipo apolisi ankangodziteteza. Mitolo imeneyo ndinamanga ndekha. Lachisanu kapitawo anabwera ndi Mpwitikizi wina, nati, "Muonetse ntchito uyu." Nditafunsa za Slimane anati, "Mwina wabwerera kwawo. Ine ndine mlonda wake?"

Lamlungu lapitali ndinapita ku Nanterre, ku zisakasa za malata kumene amakhala. Matope mpaka m'akakolo. Mkazi wake Ouardia wazungulira kupolisi ndi m'zipatala, kulikonse akumubweza pakhomo. Anandipatsa khofi, kenako anati, "Inu mumagwira ntchito kwa anthu olemba nkhani. Simungawapemphe alembe dzina lake?"

Ndinayesa. Ndinadikirira mtolankhani wina pamakwerero n'kumufotokozera. Anati, "Bambo, ine ndinaliko tsiku limene lija. Zomwe ndinaona ndinazilemba. Mwaziona m'nyuzimo?"

Mu bala ya mayi Ferrand nkhaniyi inangokhala madzulo amodzi. Bambo Roux, oyendetsa basi, anati, "Anaziyamba okha," n'kugawa makadi. Palibe anawatsutsa. Si anthu oipa, amake Hervé. Bambo Roux omwewa ndi amene anandibwereka chikhoti chaka chatha kutazizira.

Mwandilembera kuti ndisalowerere za eni. Sindinalowerere.

Mbedza zanga ndapatsa Mpwitikizi uja. Ndasiya kukawedza ku mtsinje Lamlungu, pakuti madziwo ayamba kubweza zimene anameza usiku uja. Chifukwa chake ndidzakuuzani pamaso, ngati ndidzathe.

Denga a Le Gall anamaliza? Akanena mtengo wina wosiyana ndi umene tinapangana, auzeni alembere ine.

Goulven


Saint-Denis, 17 Disembala 1961

Okondedwa amake Hervé,

Moni kwa nonse. Kalatayi izikupezani Hervé atafika kale patchuthi chake, ndiye muiwerengere panokha, osati patebulo.

Anatsika sitima ya pamtunda yochokera ku doko la Marseille dzulo m'mawa, ndipo tinali limodzi mpaka nthawi ya sitima yakwathuko. Mwamuona nokha mmene waondera. Ndinamupititsa kokadya, ndinamuitanitsira nyama yabwino. Anangoiyang'ana, n'kukankhira mbale kwa ine. Anadya buledi yekha. Kenako lole ina inaphulitsa utsi panja, ndipo ndinangoona mwana wathu ali pansi pa tebulo, manja kumutu. Woperekera zakudya anati, "Wayamba m'mawa kumwa msilikaliyu." Ena anaseka. Ambiri sanatembenuke n'komwe.

Tinayenda wapansi kupita ku siteshoni inayo. Masitolo onse ali ngwee ndi magetsi a Khirisimasi, anthu akukankhana pamawindo kuonera zidole zovina. Iye anaima pakati pa msewu, nati, "Abambo, anthu awa akudziwa kuti kuli nkhondo?"

Ndinati, "Amawerenga nyuzi."

"Ndiye sakudziwa."

Ndinamufunsa ntchito imene amagwira kumeneko. Titakhala pa benchi ya pasiteshoni anati, "Kuli kanyumba kena kuseri kwa kampu, kumene amafunsirako mafunso anthu ogwidwa. Ine sindilowa. Ndimaima pakhomo. Akayamba, ndimayatsa wailesi n'kukweza mpaka pamapeto. Ntchito yanga ndi imeneyo." Anati nyimbo zonse zatsopano akuzidziwa pamtima.

Musamufunse zimenezi. Mugonekeni m'chipinda cha kumbuyo, ndipo a Le Gall akadzabwera kudzapha nkhumba, iye mumutume kutali. Annaig asamamudzidzimutse.

Tsopano mvetsani bwino. Lucien akudziwa anthu ena amene amathandiza anyamata otopa kupita kokaona mapiri a ku Switzerland. Zambiri sindingalembe. Ndinamuuza Hervé, sanavomere, sanakane. Akapita kumeneko ndiye kuti kwathu sadzapondako kwa zaka zambiri, ndipo akadzaponda ndi ndende. Akabwerera kumene wachokera, mwamuona nokha. Ine ndalephera kusankha. Inu ndinu amayi ake, muli naye masabata awiri. Kambiranani awiri, chitseko chotseka, osauza wina aliyense.

Pa Khirisimasi sindibwera, kapitawo wakana. Akuti masiku amenewa nyuzi imanenepa ndi zotsatsa malonda. Chidole cha Annaig chili m'chikwama cha mchimwene wake.

Ndine wanu,
Goulven


Saint-Denis, 7 Januwale 1962

Amake Hervé,

Chaka chabwino kwa inu ndi amayi. Soseji munamupatsira Hervé ndalandira, zikomo. Chifuwa chayambiranso ndi kuziziraku, koma ndikuyenda.

Wapita. Ndinamukweza ndekha sitima ya ku Marseille Lachinayi.

Ndinakupemphani kuti musauze munthu. Iye wandiuza kuti munapita naye kwa abambo mfumu, ndipo iwo analankhula za udindo ndi ulemu wa banja, namukumbutsa mwana wa a Le Gall amene anabwera m'bokosi. Sindikukudzudzulani. Munali nokha, ndipo kwathuko palibe khomo lina logogoda. Ndingofuna mudziwe zomwe ananena iye mwini. Anati, "Ndikathawa, amayi azikagula buledi kuti? Annaig azikhala ndi ndani kusukulu? Yatsala miyezi yochepa, abambo. Wailesi yanena." Pomaliza paja anaseka, koma si kuseka kumene mukukudziwa.

Pasiteshoni panali anthu ambirimbiri opita kumapiri kukasewera pa chipale, matabwa awo otsetserekera ali paphewa, majuzi ofiira ndi achikasu. Sitima yawo inaima moyandikana ndi ya asilikali. Ankadutsa pakati pa anyamata athu akunena kuti "pepani, pepani," ngati akulambalala katundu.

Lucien anabwera ndi anzake ochepa, oti n'kukwana patebulo limodzi. Anatambasula nsalu yolembedwa kuti Mtendere ku Algeria. Sanamalize n'kukuwa komwe, apolisi anali atawazinga kale. Mayi wina wa juzi yofiira anati kwa mwamuna wake, "Anthu awa atichedwetsa." Apolisi anagwira Lucien n'kumutulutsa mawa lake, mlomo uli wotupa. Akuti nkhondo itangoyamba, amayi ambirimbiri ankagona panjanji kuti sitima za asilikali zisadutse, ndipo anyamata ankakoka mabuleki m'njira monse. Ndinamufunsa kuti amayiwo ali kuti lero. Anati, "Anatopa. Ena anagula firiji pangongole."

Ine nsalu ija sindinaigwire. Ndinali nditagwira chikwama cha mwana wathu. Atakwera anatsegula windo, ndimaganiza kuti anena kanthu. Anangoti, "Bwererani abambo, muchedwa kuntchito."

Ndinafika mochedwadi, andidula theka la tsiku. Ndalama za mwezi uno zikhala zoperewera pang'ono. Za nkhumba zija sungani, musabwereke munthu.

Goulven


Saint-Denis, 18 Febuluwale 1962

Okondedwa amake Hervé,

Musadabwe ndi zilembo zokhotakhotazi, ndikulemba ndi dzanja lamanzere. Lamanjali lili m'chikhakha. Kupatula apo ndili moyo. Ndikhulupirira inunso muli bwino, ngakhale kalata yanu inali yaukali.

Chithunzi munachiona m'nyuzi yakwathuko ndi changa, sindikana. Koma dzanja limene akuti ndikuopseza nalo wapolisi, ndinkatchinga nalo mutu.

Zinayenda chonchi. Anthu osafuna kuti nkhondo ithe akhala akutchera mabomba mumzinda muno, ndipo limodzi linavulaza kamtsikana kumaso, kamsinkhu wochepera Annaig. Lucien anabwera pamene ndimamangira mitolo, nati, "Lero tikuyenda mumzinda kukana mabombawa, ndipo ukakana kubwera, usadzandipatsenso moni." Sindinapite chifukwa cha moni wake. Ndinaganiza za Hervé ataima pakhomo paja.

Tinayenda titaweruka, anthu ambiri kuposa amene ndinawaonapo. Munali aphunzitsi, a kunjanji, atsikana a m'maofesi. Kwa kanthawi ndinamva kupepuka m'chifuwa. Atsogoleri atangolengeza kuti tizibwerera kwathu, apolisi anatulukira ndi zibonga zazitali. Tinathawira pamakwerero otsikira ku sitima ya pansi pa nthaka. Wina anagwa, enafe tinagwera pamwamba pake, ndi ena pamwamba pathu. Pansi panga panali mayi wa chikhoti chobiriwira amene ankangoti, "Thumba langa, thumba langa." Kenako anasiya. Lucien anandisolola ndi lamba. Anafa anthu asanu ndi atatu, ndipo sindikudziwa ngati mayiyo ali m'gulumo.

Mawa lake nyuzi yathu inati zigawenga zinaukira apolisi, ine ndili pakati pa tsamba, kukamwa yasa. Bwana anandiitana, anandipatsa mpando. Anati, "Sitikukuchotsa chifukwa cha chithunzi, Goulven. Koma mtolo sumangika ndi dzanja limodzi."

Lachiwiri kunali maliro. Mzinda wonse unaima, masitolo otseka, nyuzi sizinatuluke. Anthu sindingawawerenge, maluwa ngati munda ukuyenda. Mayi Ferrand anatseka bala n'kupita akulira. Bambo Roux anavala tayi. Ndinati mumtima, kani anthuwa maso ali nawo.

Pobwerera ndinamupeza Ouardia m'mbali mwa msewu ndi ana ake, akuonerera. Ndinamupatsa moni. Analoza kutsogolo ndi chibwano, nati, "Awa ali ndi mabokosi."

Mwati Lamlungu munakhala nokha pa benchi m'tchalitchi, ndipo Annaig akumuimba kusukulu. Pepani. Muuzeni kuti bambo ake sanamenye munthu. Ndalama mwezi uno palibe. Gwiritsani za nkhumba.

Hervé wakulemberani? Ine ayi.

Goulven


Saint-Denis, 25 Malichi 1962

Amake Hervé,

Moni. Ndamva kuti amayi anagona sabata yathunthu ndi chimfine, ndithokoze powasamala. Chikhakha andichotsa, koma zala ziwiri sizikupindika. Dokotala akuti mwina zidzamva, mwina ayi.

Mwamva kuti mfuti zaima. Analengeza Lamlungu lapitalo madzulo, ndipo aka kanali koyamba kuti mu bala muno wina anene kuti, "Takwezani mayi." Atatha kulankhula a pa kanemawo, Bambo Roux anakweza tambula, nati, "Ine ndinkanena kalekale kuti nkhondo iyi ndi yopanda pake." Onse anavomereza kuti nawonso ankanena. Kenako anayamba kukangana za akavalo othamanga. Ndinali kuseri ndikutsuka matambula, pakuti ndiyo ntchito yanga tsopano. Mayi Ferrand akundisungabe m'chipinda chija posinthana ndi kutsuka. M'mawa ndimapita ku msika waukulu kukanyamula mabokosi a ndiwo zamasamba, opepukawo.

Ndimayembekeza kuti Lucien avina. Ndinamupeza atangokhala. Anati, "Tayenda m'misewu zaka zonsezi, Mbretoni, ndipo yatha tsiku limene akuluakulu atopa nayo. Uone, pofika chilimwe sipadzapezeka munthu wokumbuka kuti inaliko."

Za Hervé palibe chimene ndapeza. Ndapita kawiri ku ofesi ya asilikali. Pamakhala mzere wa amayi ndi abambo onga ife, aliyense ndi chithunzi m'thumba, osalankhulana. Nditafika pawindo kalaliki anayang'ana m'mabuku ake, nati, "Akanafa tikanakuuzani, bambo. Wotsatira." Ndalembera mkulu wa gulu lake, yankho kulibe.

Mwati ndibwere kunyumba, kulima kwayandikira. Ndikufuna, amake Hervé. Ndimalota msewu wathu wa kumunda. Koma khasu ndiligwira bwanji ndi dzanja ili, ndipo ndani kwathuko angalembe ntchito munthu wa pa chithunzi uja? Komanso windo lija lili kuno. Ndikachoka, adzafunse ndani?

Mwana wa ng'ombe gulitsani. Pemphani a Le Gall akulimireni munda wakumtunda, mudzagawana zokolola. Akakana chifukwa cha ine, musawakakamize. Iwo anataya mwana, ali ndi ufulu wokwiya ndi aliyense.

Mukangolandira kanthu kochokera kwa Hervé, ngakhale mzere umodzi, imbani foni ku bala kuno kuchokera ku positi.

Ndine wanu,
Goulven


Saint-Denis, 13 Meyi 1962

Okondedwa amake Hervé,

Kalata yanu yachimwemwe ndailandira. Ndakondwa kuti nonse muli bwino, kuti anthu ayambanso kukupatsani moni, ndiponso kuti mkazi wophika buledi anabwera yekha kudzakuonetsani magazini ija. Inde, ndi Hervé amene ali pa chithunzicho, maluwa m'manja, akumwetulira. Inde, ali moyo, ali kuno ku France, ndipo alibe bala. Ndinakuuzani zimenezi pa foni, ndipo zonse ndi zoona. Zotsalazo sindikanatha kuzinena pa foni ya mu bala anthu akumva.

Ali m'chipatala cha asilikali kunja kwa mzinda, mbali ya odwala maganizo. Anamubweretsa mwezi wa Malichi, kalata yondidziwitsa inasochera. Mnzake wa gulu limodzi amene ali komweko wandiuza chimene chinachitika. Tsiku lina atauzidwa kuti ayatse wailesi, anaiphwanya ndi thako la mfuti. Kenako anakhala pansi pakhomo pomwepo, ndipo zonse za m'kanyumba kaja zinamveka kampu yonse. Anamutsekera masiku angapo. Potuluka anali atasiya kulankhula.

Tsiku la chithunzicho ndinalipo. Kunabwera amayi ena olemera ndi maluwa, ndi munthu wa kamera. Anasankha anyamata ooneka bwino n'kuwaimika pawindo. Pansi pa chithunzi mwawerenga nokha: anyamata athu abwerera ali osangalala. Wa kamerayo anati, "Tamwetulirani anyamata, mwafika kwanu." Hervé tsopano amachita chilichonse chimene wauzidwa. Anamwetulira. Alendowo anapita, galimoto yawo inatuluka pageti, iye akadali chiimire ndi maluwa, mano pamtunda. Mpaka ndinati, "Basi mwanangu, apita." Ndi pamene anatseka pakamwa.

Magaziniyo musaing'ambe. Asiyeni amayi aipachike, ndi okalamba. A kumudzi akafunsa, auzeni kuti akupumula.

Koma inu bwerani. Dokotala akuti zitenga nthawi, sakunena kuti yaitali bwanji, ndipo ine sindichoka kuno iye ali mmenemo. Annaig mumusiye kwa mng'ono wanu, ng'ombe a Le Gall avomera kale kukama. Kwerani sitima ya m'mawa Loweruka, mudzandipeza pamapeto pa pulatifomu. Mayi Ferrand ati mugona m'chipinda changa osalipira. Mubwere ndi juzi yake yabuluu ndi buledi wakwathu. Musavale zakuda, ndipo mukamuona musathamange, muyende pang'onopang'ono.

Wayamba kulankhula mawu amodziamodzi. Lero masana kunali dzuwa, chitseko cha kubwalo chinali chotsegula, anzake ena ali panja pa udzu. Ndikutsanzika anandigwira malaya, nati, "Abambo, ndaloledwa kutuluka panja?"

Ndinati, "Waloledwa, mwanangu. Palibe akukuletsa."

Anayang'ana chitsekocho nthawi yaitali. Sanadzuke. Ndinavula chikhoti n'kukhalanso pansi pambali pake, mpaka namwino anabwera kudzanena kuti nthawi ya alendo yatha.

Loweruka ndikudikirani.

Ndine mwamuna wanu,
Goulven